Pasipoti ya a Pitala Yabwera ndi Dzina la Atsibweni

Pasipoti inafika Lachiwiri, kumapeto kwa Ogasiti chaka cha 1971, mu envelopu ya khaki. A Pitala Mbewe anasamba m'manja kawiri asanaitsegule. Anali atagwira ntchito mu mgodi wa malasha ku Wankie zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo malasha sachoka msanga m'zikhadabo.

Chaka chomwecho a Pitala analembetsa kukhala nzika ya dziko lino limene ankagwirako ntchito. Ana awo onse anabadwira ku Lwendulu, komboni ya mgodiwo, m'nyumba za kampani, ndipo iwo anaona kuti moyo wawo uli konkuno. Koma unzikawo unabwera ndi lamulo lake: kupita kwawo ku Dedza tsopano kunafuna pasipoti. Ndipo ulendo unalipo. Amayi awo okalamba anali atatumiza kalata yonena kuti, "Ubwere mvula isanagwe. Maso anga akutha, ndikufuna ndikuone ndikadapenya." Ku mgodi anawapatsa livi ya milungu isanu ndi umodzi, kuyambira Lolemba loyamba la Okotobala. Akaiphonya imeneyi, ina ndi chaka chamawa.

A Pitala sankawerenga bwino, choncho anapereka kabukuko kwa akazi awo, a Elesi.

A Elesi anayang'ana chithunzi, nayang'ana amuna awo, nabwereranso pa tsambalo.

"Nkhope ndi yanu, bambo a Tecla. Makutuwa ndi anu omwe. Koma dzinali ndi la atsibweni anu."

"Alemba chiyani?"

"Pitala Davison."

A Pitala anakhala pa mpando pang'onopang'ono. Dzinali ankalidziwa bwino. Mu 1948, pamene anafika ku Wankie ali mnyamata, anabwera ndi atsibweni awo, a Davison, mlongo wa amayi awo. Kalaliki wolemba antchito anafunsa m'Chilapalapa, chinenero cha mu mgodi, kuti, "Ubani lo baba ka wena?" kutanthauza kuti bambo wako ndani. Mnyamatayo analoza a Davison. Sananame. Kwawo mwana amayang'aniridwa ndi atsibweni: ndiwo anamulera, ndiwo anamukweza sitima. Kalaliki analemba zimene anaona, ndipo kuyambira tsiku limenelo khadi la ku mgodi linati Pitala Davison. Kutchalitchi, kunyumba ndi pa setifiketi ya unzika anali Pitala Mbewe. Mayina awiriwa anakhala mwamtendere zaka zonsezi, chifukwa lina linkakhala pansi pa nthaka, lina pamwamba.

"Fomu ya pasipoti ija analemba ndani?" anafunsa a Elesi.

"A Laiton. Ine ndinali pa shifiti. Ndinawasiyira khadi la ku mgodi kuti aonerepo."

"Setifiketi ya unzika inali kuti?"

"M'sutikesi. Ndinkaopa kuti ingade."

"Ndiye yayera bwino," anatero a Elesi.

A Laiton ankakhala nyumba yoyandikana nayo. Anali munthu wa cholembera m'thumba la malaya, amene ankalembera anthu a mu komboni makalata opita kumudzi. Atamva nkhaniyi anabwera msangamsanga, natembenuza pasipotiyo uku ndi uku.

"Achimwene, iyi si nkhani yoti munthu n'kuonda nayo," anatero a Laiton. "Ndipatseni lezala yatsopano ndi inki yakuda. Ndipala pang'ono, ndilembapo Mbewe. Davison ndi dzina lalitali, Mbewe ndi lalifupi, malo atsalanso. Makadi angati ndakonza ine muno mu Lwendulu?"

"Makadi a mpira," anatero a Elesi.

"Pepala ndi pepala, mlamu."

A Pitala anali ndi nzeru yawoyawo. "Kapena tingoisiya momwemo. Ndakhala Davison zaka makumi awiri ndi zitatu pansi pa nthaka. Ndingalephere kukhala Davison milungu isanu ndi umodzi pamwamba? Tikaibweza ichedwa, livi idutsa, amayi osandiona."

A Laiton anali atatulutsa kale lezala m'kapepala kake. A Elesi sanakangane nawo. Anangotambasula dzanja, natenga pasipoti ija, naiika m'chikwama chawo.

"Ndikupita kukatenga jekete lanu kwa Che Hamadu," anatero. "Kabukuka kapita nane, kakapitidwe mphepo."

Che Hamadu anali telala wa pafupi ndi msika, Myao wa ku Zomba, ndipo ndiwo ankasoka jekete la ulendo la a Pitala. Anali atapita kwawo kawiri ndi pasipoti. Posakhalitsa a Pitala ndi a Laiton anatulukira pa khonde la shopuyo, akulondola kabuku kawo.

Che Hamadu anamvetsera nkhani yonse ali ndi mapini kukamwa. Kenaka anawachotsa limodzilimodzi.

"A Laiton, lezalayo mukametere ndevu," anatero. "Bukuli si la a Pitala. Ndi la boma, angowabwereka. Mukapalapo ngakhale chilembo chimodzi, pasipoti yafa, ndipo mwiniwake ali pa mlandu. Pa chipata cha dziko amaika tsamba padzuwa. Pamene papalidwa pamaoneka ngati chigamba pa thalauza loyera."

"Ine dzanja langa ndi lopepuka," anatero a Laiton.

"Dzuwa silidziwa zimenezo."

"Nanga ndikangopita ngati Davison?" anafunsa a Pitala.

"Kupita mwina mupita. Ine ndikufunsa za kubwera. Amene analembetsa unzika ndani?"

"Pitala Mbewe."

"Amene ali ndi pasipoti ndani?"

"Pitala Davison."

"Ndiye pa chipata akakufunsani setifiketi, mudzakhala anthu awiri. Wina ali ndi dziko koma alibe pasipoti, wina ali ndi pasipoti koma alibe dziko. Wolowa akhala uti? Ulendo wanga wachiwiri ndinaona bambo wina akutsitsidwa m'sitima ndi katundu wake yense chifukwa cha nkhani yonga yomweyi. Anatsala atakhalira sutikesi, ife tikupita."

A Pitala anaganiza za a Elesi ndi ana ali ku Lwendulu, iwo atakhalira sutikesi pa siteshoni yachilendo. Anaganizanso za amayi awo.

"Koma nthawi, Che Hamadu. Yatsala milungu isanu ndi masiku ochepa."

"N'chifukwa chake muyambe mawa, osati mkuja. Malaya akasokedwa molakwika sumata ndi malovu, umabwerera nawo kwa wosoka. Choyamba pitani ku ofesi ya boma konkuno mukalumbire kuti Pitala Davison ndi Pitala Mbewe ndi munthu mmodzi, akulembereni kalata yodinda. Mutenge mboni. Kenaka mupite nokha ku ofesi ya mapasipoti ku Bulawayo. Musatumize pa positi, ichedwa. Mutenge pasipoti ili yosakhudzidwa, setifiketi ya unzika, khadi la ubatizo, khadi la ku mgodi lomwelo, ndi zithunzi ziwiri zatsopano. Mukanene zoona zokhazokha, monga mwandiuzira ine."

"Mboni ipezeka kuti?" anafunsa a Laiton.

Onse atatu anawayang'ana.

M'mawa mwake a Pitala anasinthana shifiti ndi mnzawo, napita ku ofesi ya boma ndi a Laiton. A Pitala analumbira kuti ndi munthu mmodzi, zimene anali asanakayikirepo chibadwire. A Laiton analumbira kuti ndiwo anakopera dzina pa khadi lolakwika. Mawu awo anatsika kwambiri ponena zimenezi, mpaka mkulu wa pa ofesiyo anawapempha kuti abwereze.

Lachisanu a Pitala anafika ku Bulawayo pa sitima, mapepala onse atakulungidwa mu nsalu ya a Elesi. Anaima pa mzere mpaka dzuwa litakwera. Pa windo panali kalaliki wa magalasi, wolankhula Chindebele chofatsa, chimene a Pitala ankachimva bwino. Asanafunse kanthu, kalaliki uja anatsegula pasipoti, nakweza tsamba la dzina kuloza kuwala kwa pa zenera. Analiyang'ana nthawi yaitali. A Pitala anakumbukira lezala ya a Laiton, imene sinafikepo.

"Simunaikhudze," anatero kalaliki.

"Ayi, baba."

"Mwachita bwino. Ambiri amabwera atayamba akonza okha. Amenewo nkhani yawo siithera pa windo lino." Anawerenga kalata yolumbira, nayerekeza ndi setifiketi ya unzika ndi khadi la ubatizo. "Davison ameneyu ndani?"

"Atsibweni anga, malemu. Amalume."

"Ndiye munati ndi bambo anu?"

"Kwathu amalume ndiwo mwini wa ana."

Kalaliki anamwetulira pang'ono. "Simuli oyamba. Anthu a kwanu amabwera ndi nkhani imeneyi kawirikawiri. Amalume ndi abwino, koma pasipoti imatsata setifiketi ya unzika. Tilemba fomu ina pompano. Ndikamaliza ndikuwerengerani mzere uliwonse, inu muzivomera kapena kukana. Musasaine chinthu chimene simunachimve."

Anawerenga dzina, tsiku lobadwa, malo obadwira. Pa mzere uliwonse a Pitala ankati, "Yebo." Kenaka anasaina, ndipo anafotokoza za livi ndi za maso a amayi awo. Kalaliki analemba tsiku la ulendo pamwamba pa fomu, nadula mzere kunsi kwake.

"Sindikulonjeza, koma kawirikawiri zimatenga milungu inayi. Tengani kapepala aka, kali ndi nambala yanu. Pasipoti yolakwikayi itsala kuno. Mukafika ku Wankie mukaonetsenso kalata yolumbirayi ku ofesi ya ku mgodi, kuti mapepala anu onse azinena munthu mmodzi."

Milungu inayi ija inayenda ngati ngolo yodzaza malasha pa chitunda. Jekete linatha kusokedwa, linapachikidwa pa msomali. A Elesi anagula shuga, sopo ndi bulangete la apongozi awo. Sabata yachinayi inatha, envelopu osaoneka. A Laiton anayamba kudzera njira ya kuseri popita kumsika.

Lachisanu lomaliza, kutatsala masiku atatu, a Pitala anatuluka mu mgodi masana napeza a Elesi ataima pa geti, envelopu ya khaki ili m'manja. Sanadikire kuti asambe.

"Tsegulani ndinu, manja angawa ndi akuda."

A Elesi anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pa tsamba. "Pitala Mbewe. Wobadwira ku Dedza." Anayang'ananso tsiku lobadwa ndi chithunzi. "Makutu ndi omwe aja."

A Pitala anapuma mpweya wautali, ngati munthu amene wangotuluka mu shafuti ya mgodi n'kuona thambo. Madzulo a tsikulo a Laiton anabwera kudzera khomo la kutsogolo. Anapempha kuti aione, ndipo a Elesi anawaonetsa ili m'manja mwawo.

"Alemba bwino," anatero a Laiton. "Ngakhale M wangayo akanaposa apa."

Pa chipata cha dziko, msilikali wa za malire anatenga pasipoti ndi setifiketi, naziika pamodzi, nakweza tsamba padzuwa monga ananenera Che Hamadu. Anadinda, nabweza, naitana wotsatira. Zonse zinatha msanga kuposa kumanga chingwe cha nsapato.

A Pitala anafika kumudzi mitambo itayamba kusonkhana koma mvula isanagwe. Amayi awo anali pa khonde akusankha nyemba ndi zala, chifukwa maso sankathandizanso kwenikweni. Anaona chithunzithunzi cha munthu wa jekete ataima pabwalo, namuitana kuti asendere. Anamugwira kumaso, namugwira makutu, nasendeza nkhope yawo pafupi kwambiri.

"Chatsalira," anatero. "Wabwera, Chatsalira. Ndakuona."

Limeneli linali dzina limene anamupatsa tsiku lobadwa, asanabatizidwe, asanaone mgodi. Silinali pa khadi, pa setifiketi kapena pa pasipoti. A Pitala anagwada, akuseka misozi ili m'maso.

"Ndabwera, amayi. Koma limeneli a Laiton asalimve."

Ambiri a ife kuno ku migodi tili ndi mayina oposa limodzi: la kumudzi, la ku tchalitchi kapena ku mzikiti, ndi la pa khadi la ntchito. Kunyumba onsewa ndi athu. Koma pa mapepala a boma pamafunika dzina limodzi, lofanana paliponse. Polemba fomu ya pasipoti, onerani pa setifiketi ya unzika, osati pa khadi la ntchito. Ngati wina akukulemberani, akuwerengereni musanasaine. Pasipoti ikafika, iwerengeni tsiku lomwelo. Mukapeza cholakwika musapale, musalembepo, ndipo musayende nayo. Ibwezeni msanga ku ofesi imene inaipereka, pamodzi ndi mapepala anu onse. A Pitala anadikira milungu isanu, koma anapita ndi kubwerako ali munthu mmodzi, ndipo amayi awo anawaona akadapenya.