Nsomba Imene Malemu Anasiya

Patangotha sabata chiikireni maliro a mwamuna wake, mayi wina anangoona mlamu wake akulowa m'nyumba osagogoda, atatsagana ndi bambo wina wogulitsa nsomba zoweta.

"Tabwera kudzaona chuma cha achimwene," anatero mlamuyo, osapereka n'komwe moni. "Ndamva kuti nsomba imeneyi mtengo wake ungagule galimoto."

Nsombayo inali m'thanki yagalasi pabalaza, yaitali ngati mkono wa munthu wamkulu. Malemu anaigula ili ngati chala, n'kuilera zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo masiku ena inkadya bwino kuposa ana.

Wogulitsa uja anawerama n'kuiyang'anitsitsa, kenako anapukusa mutu. "Anthu amafuna zing'onozing'ono, bwana. Chinsomba chotere akachiika pati? Komanso diso limodzi lachita ng'ala. Mwina ndingogula thankiyi."

Mlamu anatembenuka, maso ali psuu. "Mwapangana eti, alamu? Mukufuna mudzaigulitse nokha ine nditachoka!"

"Itengeni," anayankha mayiyo, mtima ukuwira. "Mutengenso bilu ya magetsi a pampu, ndi ntchito yosintha madzi Loweruka lililonse. Achimwene anu akudwala simunapondeko pano ngakhale kamodzi. Lero mwaidziwa njira chifukwa cha nsomba?"

Mlamu anatukwana, namenyetsa chitseko potuluka. Wogulitsa uja anamutsatira chozyolika, osatsanzika.

Mayiyo anatsala ataima kutsogolo kwa thanki. Patapita kanthawi anatsegula chitini cha chakudya n'kuwaza pang'ono m'madzi.

"Idya, mfiti iwe," anatero. "Pano suchoka, ngakhale abwere ndi apolisi."