Pensulo ya a Mawotchi, Inki ya Bambo

Bambo anga anagwira ntchito yomasulira kukhoti zaka makumi atatu, ndipo atapuma sanaone chifukwa chosiyira kuweruza. Milandu ya anthu itawathera, anatembenukira ku timabokosi ta mawu ta patsamba lomaliza la nyuzipepala, tija ta mafunso okuluwika, toti funso limakamba za bulu pamene likufuna ulusi. Sindikukokomeza. Limeneli ndi lomwe anandiphunzitsira ndili kale ndi ana anga: "Bulu sindimufuna, wameza chosokera." Zilembo zisanu.

"Taona bwino," anatero, akugogoda tebulo katatu ndi cholembera. "Funso lililonse lili ndi mboni ziwiri. Ina imanena poyera: chosokera. Inayo imazemba, ikungoti mawu oyambawo ameza kanthu. Ng'amba mimba ya 'bulu sindimufuna', upezamo ulusi uli phee. Mboni ziwirizi zikagwirizana, mlandu watha."

Ndinati ndamva. Sanandikhulupirire, ndipo sanalakwe.

Mnzawo pa ntchito imeneyi anali a Mawotchi, mkulu wokonza mawotchi m'kashopu kopanikizika pakati pa wometa ndi wogulitsa mankhwala. Tsiku lililonse, kupatula Lamlungu, bambo ankavala tayi n'kukafika kumeneko teni koloko. Ntchito anaigawana kalekale. A Mawotchi ankangoyang'ana funso, kagalasi kokulitsira kali pamphumi, n'kulemba yankho ndi pensulo, mopepuka. Sankalakwa, koma sankadziwanso chifukwa chake sakulakwa. Kufotokoza kunali kwa bambo. Akamaliza kufotokoza liwu lililonse, m'pamene ankadutsitsa inki pamwamba pa pensuloyo. Popanda chifukwa, panalibe inki.

"Mwadziwa bwanji?" bambo ankafunsa.

"Ndangodziwa, Ajaji."

"Kungodziwa si umboni. Ndikanakumangitsani."

"Mukanayamba mwandibwezera supuni ya shuga ija mukuyimangirira m'manjayo."

Bambo anamwalira Lachitatu lina masana, atakhala pampando kunyumba, tayi ili m'khosi, ngati munthu amene akudikira kuti amuitane dzina.

Patapita miyezi isanu ndi iwiri, mwana wamkazi wa a Mawotchi, yemwe ndi namwino, anandiimbira foni.

"Achimwene, ndithandizeni. Bambo maso akuwathera. Mwezi uno okha agwa kawiri pamasitepe a shopu, kachiwiriko anawatola ndi wometa. Chipinda ndawakonzera kwathu, koma akukana kutseka shopu. Akuti ali ndi mlandu wosatha ndi bambo anu."

"Bambo anga aja anamwalira?"

"Omwewo. Ndiye mubwere mumve nokha."

Ndinapempha chilolezo kuofesi, n'kupita m'mawa mwake. Shopu ndinaipeza monga ndinkaidziwira: fungo la mafuta a makina, timabokosi ta zomangira tating'onoting'ono, mawotchi pakhoma lonse, iliyonse ikunena nthawi yake mosakayika ngati anthu a pamsonkhano. Kutsogolo kwa tebulo kunali mpando wathabwa wa bambo. Nditafuna kukhalapo, a Mawotchi anakweza dzanja.

"Osati pamenepo, mwanawe. Tenga kabenchiko."

Anali ataonda, ali ndi pulasitala pachipumi. Anathira tiyi m'makapu atatu. Yachitatu anaiika kutsogolo kwa mpandowo.

Kenaka mawotchi anayamba kulira teni koloko, ina msanga, ina mochedwa, kwa mphindi zingapo. Yomaliza itangokhala chete, kabelu ka pachitseko kanati ngiri, kamodzi. Ndinacheuka. Chitseko chinali chotseka. Kunja wometa ankakutumula nsalu yake. Mpando uja unalira pang'ono, monga limalirira thabwa munthu akalikhalira.

"Ndi mphepo," ndinatero.

"Eya. Imasunga nthawi kuposa mawotchi angawa."

Anatulutsa nyuzipepala yachikasu m'dilowa n'kuikankhira kumpando wopanda munthuwo. Inali ya Lachitatu lija. Timabokosi tonse tinali ta inki ya bambo, kupatula mzere umodzi wotsika, nambala 14, umene unali wa pensulo: KALILOLE. Funso lake linali lakuti, "Ukali wopanda mutu watsogolera galimoto ya katundu, ukadzionere wekha."

"Anati, ili landivuta, ndibwera nalo mawa," anatero a Mawotchi. "Anatenga chipewa n'kutuluka."

"Koma yankho silinatuluke m'nyuzi ya Lachinayi?"

"Linatuluka. Ndinakhoza. Nyuzi imapereka yankho, sipereka chifukwa."

"Ndiye bwanji osangodutsitsapo inki, bambo?"

Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti akonze wotchi ndi hamala.

"Munthu amabwera kuno tsiku lililonse kudzamaliza mawu ake, iwe ukuti nditseke chitseko? Akapeza loko apita kuti? Bweretsa chifukwa. Ndiwe mwana wake."

Funsolo ndinalikopera pakapepala n'kupita nalo kuntchito. Ndimagwira ntchito yodinda zidindo pa mafomu, ndipo muofesi mwathu simusowa anthu anzeru. Abwana athu, amene amati anawerenga dikishonale yonse ali kusekondale, analiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti likukamba za ngozi zapamsewu ndipo ndi uthenga wofunika kwa madalaivala. Wowerengera ndalama anati wolemba funsolo anali ataledzera. Ine ndinafufuza kalilole m'mimba mwa mawu onse, monga ndinachitira ndi bulu uja. Munalibe.

Lachinayi namwino anaimbanso. A Mawotchi anali atadzicheka chala ndi kampeni kotsegulira mawotchi, osaona kuti magazi akudontha mpaka kasitomala atakuwa.

Madzulo ake ndinapita kwa mayi. Anandimvetsera akupinda zovala, ndipo nditamaliza analoza pamwamba pa wadirobu.

"Tsitsa sutikesiyo."

Munali makope a ana asukulu, oposa makumi asanu, omangidwa ndi mphira chaka ndi chaka. Tsamba lililonse linali ndi deti, mafunso onse a tsikulo, ndi kufotokoza kwake m'zilembo zopendekera za bambo. Pamwamba ankalembaponso nthawi yomwe amalizira. Hafu pasiti eyiti. Kota tu naini.

"Koma kushopu ankapita teni koloko," ndinatero.

"Ankayamba agula nyuzi yawoyawo mamawa," anatero mayi. "Ankadzitsekera m'chipinda n'kutuluka thukuta ndi dikishonale. Akamaliza, nyuziyo ankandipatsa ndiyatsire moto. Kushopuko ankakangochita ngati nzeru zikuwatsikira pompopompo."

Ndinapitiriza kutsegula masamba. Tsiku lililonse panali funso limodzi lozunguliridwa, pambali pake atalemba liwu limodzi: Kusunga. Kufotokoza kwake kunalipo, kwathunthu. Ndinabwerera zaka zisanu, zaka khumi. Panalibe tsiku lopanda losunga.

"Bambo ako sakanatha kunena kuti ndikupita kukacheza ndi mnzanga," anatero mayi, osasiya kupinda. "Munthu wa tayi ngati iwo? Ankayenera kukhala ndi mlandu wokamaliza."

Kope lomaliza linathera pakati. Lachitatu, teni tu naini. Nambala 14 yotsika. Kusunga.

Lachisanu ndinafika kushopu isanakwane teni, cholembera cha bambo chili m'thumba la malaya. Kope ndinalisiya kunyumba. Mawu ake ndinali nditawaloweza m'basi. A Mawotchi anathira makapu atatu. Mawotchi a pakhoma analira, kabelu kanati ngiri, mpando unalira. Nyuzi inakankhidwira malo ake.

Ndinakonza kukhosi. Sindikonza kukhosi ndikamalankhula, koma tsiku limenelo ndinakonza, ndipo ndinamva cholembera chikugogoda tebulo katatu ndisanaganize zogogoda.

"Taonani bwino. Mboni yoyamba ikunena poyera: ukadzionere wekha. Chodzioneramo. Yachiwiri ikuzemba. Ukali, muudule mutu, chilembo choyambacho, patsala kali. Galimoto ya katundu ndi lole. Kali watsogola, lole pambuyo. Kalilole. Mboni ziwiri zagwirizana."

Mawu amene anatuluka anali okhuthala kuposa anga. M'shopumo munamveka kafungo ka mankhwala opaka pachifuwa amene bambo ankanunkhira nyengo yozizira, ngakhale ndivomereze kuti wogulitsa mankhwala ali khoma lomwelo.

A Mawotchi sankayang'ana ine. Ankayang'ana pamwamba pang'ono pa mpando uja, pamene pangakhale nkhope ya munthu wamtali.

"Zoona? Kameneka n'kamene kanakuvutani miyezi isanu ndi iwiri?" anatero. "Mwakalamba, Ajaji. Lembani."

Ndinadikira kaye, sindikudziwa kuti ndinkadikira chiyani. Kenaka ndinakoka nyuziyo n'kudutsitsa inki pa zilembo zisanu ndi zitatuzo. Ine ndimalemba zilembo zoimirira, za pamafomu. Izi zinapendekera.

Kabelu kanati ngiri. Chitseko sichinasunthe. A Mawotchi anamvetsera kwa kanthawi, mutu utapendekera ku msewu, mpaka chimene ankamvacho chitafika patali. Anatenga kapu yachitatu n'kuthira tiyi wake mu sinki.

"Umuuze mlongo wako namwinoyo abweretse makatoni mawa," anatero. "Ang'onoang'ono. Zomangira sizifuna kusakaniza."

Ndinaima pakhomo ndikulimbana ndi nkhani ya makope, ngati ndiwauze kapena ayi. Iwo anandipeputsira.

"Unalipeza lozunguliridwa, eti?"

"Munkadziwa?"

"Wogulitsa nyuzi anandiuza chaka choyamba chomwe. Anati, anzanu aja amagula yawo sikisi koloko."

"Ndiye bwanji simunawauze?"

"Kuti achite manyazi asiye kubwera? Komanso iwe ukuganiza kuti munthu angakhoze mayankho zaka zonsezi osadziwa ngakhale chifukwa chimodzi?" Anavula kagalasi pamphumi n'kukaika m'kabokosi kake. "Kufotokoza sinali ntchito yanga."

Loweruka tinasamutsa katundu. A Mawotchi anatsika masitepe atagwira mkono wa mwana wawo, n'kukhoma loko okha. Mpando anati nditenge ine, kwa namwino kulibe malo.

Uli pabalaza pathu, pafupi ndi zenera. Masiku amene sindipita kuntchito ndimaumva ukulira cha m'ma teni koloko. Mkazi wanga akuti ndi thabwa likamva dzuwa, ndipo mkazi wanga nthawi zambiri salakwa. Komabe palibe amene amakhalapo, ngakhale alendo akachuluka. Nyuzi ndayamba kugula. Ndimalemba ndi pensulo, mopepuka, n'kuisiya pampandopo.