Maluwa Opendekera Kumanzere

Utoto wa pa mbale zadothi uli ndi ubwino umodzi: usanalowe m'ng'anjo umafufutika ndi kansalu. Ukapsa basi, palibenso kubweza. Mwana wamkazi wa mmisiri wojambula mbale ankazidziwa bwino zimenezi, ndipo n'zimene zinamuphunzitsa bodza.

Bambo ake anakalambira pa tebulo la pawindo, akujambula maluwa pa makapu, pa mbale ndi pa timikuwa ta ndolo. Koma dzanja linali litayamba kunjenjemera, moti duwa linkatuluka ngati lapalasidwa ndi nkhuku. Ogula sadandaula, amangosiya kubwera. Mwanayo za ogula analibe nazo ntchito kwenikweni. Ankaopa tsiku limene bambowo adzaone okha kuti luso lawathawa, poti analibe china chodzukira m'mawa.

Ndiye masana aliwonse, iwo akapita kukapumula, iye ankanyowetsa kansalu m'mafuta osungunulira utoto, kufufuta maluwa onse, kujambula ake, mbale n'kulowa m'ng'anjo. Zikatuluka zili waliwali, bambowo ankazitembenuza pa kuwala.

"Waona? Dzanja lakale silinama."

"Eetu, bambo."

Zinayenda choncho mpaka tsiku limene anatulutsa mbale yaikulu ya maluwa ofiira. Bambowo anaiyang'ana nthawi yaitali, magalasi ali pamphuno, chala chikulondola duwa limodzilimodzi.

"Burashi iyi yakokedwa chobwerera, maluwa onse apendekera kumanzere," anatero. "M'nyumba muno wamanzere ndi mmodzi."

Mwanayo anafuna kunamizira moto, koma moto sutembenuza duwa. Manyazi anamugwira, chisoni n'kuposa manyaziwo. Bambowo sanakalipe. Anaika mbale pa shelefu n'kutuluka.

M'mawa mwake mwanayo anafika akuopa kuti akapeza mpando wa pawindo uli wopanda munthu. Anawapeza ali pompo, lilime lili panja monga mwa masiku onse, akulimbana ndi duwa pa kapu. Anachedwa nalo, burashi ikuvina m'zala, ndipo linatuluka lokhota ngati anzake aja. Atamaliza anadzuka pang'onopang'ono, kudutsa chipinda chonse, n'kukhazika kapuyo pa tebulo la mwana wawo. Pambali pake anaika kansalu konyowetsa kale.

"Usamadikire kuti ndikagone, mwanangu," anatero. "Utoto ukauma umavuta kufufuta."