Dzina la Tanaka pa Chikwangwani

Theka la zikwangwani za ku Machipisa, m'dera la Highfield ku Harare, analemba ndi bambo Hector Kalipinde. Mitu yometa pakhoma la babashopu, nkhuku yonenepa pakhomo la butchala, mawu a kumbuyo kwa makombi, maminibasi opita m'tauni, lonselo linali dzanja lawo. Ntchitoyi anaiyamba atachoka ku famu ya fodya ku Mvurwi, chaka chimene antchito onse anauzidwa kuti anyamule katundu wawo, ndipo chifikireni ku Highfield sanagwirenso khasu. Kadimba ka masamba kuseri kwa nyumba kanali ka akazi awo, mayi Melina. Iwo ankangokalambalala.

Mwana wawo wamkazi, Tanaka, atatsegula kashopu ka zitsulo za galimoto ku Gazaland, anafika Loweruka lina m'mawa foni ili m'manja.

"Baba, ndikufuna chikwangwani. Mulembe dzina langa, koma m'Chijapani."

"Dzina lako ndi la Chishona. Ndinasankha ndine."

"Ku Japan liliponso, ndi dzina la banja. Magalimoto onse a kuno ndi a ku Japan. Anthu akaona zilembo izi adziwa kuti katundu wanga ndi weniweni."

Bambo Kalipinde anavala magalasi n'kuyang'ana pafonipo. Panali zilembo ziwiri zokha: 田中. Choyamba chinali bokosi logawidwa panayi. Chachiwiri chinali kabokosi kobayidwa ndi kamtengo.

"Awa si malemba," anatero. "Ili ndi zenera. Uyu ndi kanyenya."

"Zimawerengedwa kuti Ta, naka."

"Zilembo zinayi zinazo zapita kuti?"

"Zili momwemo, Baba."

Bambo Kalipinde sanatsutse. Anapala thabwa, kulipaka penti yoyera, n'kulemba ndi yofiira. Atabwerera m'mbuyo kuti aone bwino, anaona kuti zenera lafupika pomwe kanyenya watalika. Zaka makumi awiri akugwira burashi, sanaperekepo chikwangwani chopendekera. Anatalikitsa mzere wapakati wa zeneralo kuti utulukire pamwamba, zilembo zonse zikalingana msinkhu. Tanaka sanaone kusiyana kwake. Anachikhoma pamwamba pa chitseko tsiku lomwelo.

Patatha masabata atatu, bambo Kalipinde anali kushopuko kukhoma mashelefu. Pafupi pomwepo Custodio, makanika wochokera ku Tete, ankakonza galimoto ya koleji ina yophunzitsa ntchito zamanja. M'galimotomo munatsika mayi wamfupi wovala chipewa chachikulu. Anali mayi Sugiura, a ku Japan, ophunzitsa kukonza makina osokera pakolejipo. Anaima pansi pa chikwangwani kwa nthawi ndithu, kenaka analowa. Ankalankhula Chishona cha m'buku, mawu amodziamodzi ngati akuwerenga mazira.

"Pepani. Eni shopu ino ndi a Yoshinaka?"

"Ndi Tanaka," anayankha bambo Kalipinde. "Uyu apayu. Mwana wanga."

Mayi Sugiura anayang'ana Tanaka, n'kuyang'ananso chikwangwani.

"Pamenepo sipanalembedwe Tanaka. Mwina Yoshinaka, mwina Yunaka, sindikudziwa bwino. Chifukwa cha kamchira kali pamwambako."

"Kamchirako ndi kokongoletsa."

"Kwathu kamchirako ndi banja lina."

Tanaka anayang'ana bambo ake. Bambo ake anayang'ana shelefu.

Mayiwo anawaitanira panja. Pagalasi lakumbuyo la galimoto panali fumbi lokwanira, ndipo analemba ndi chala. Anati bokosi logawidwa panayilo si zenera, ndi munda wa mpunga ukauona uli pamwamba, timizereto ndi timigula totsekera madzi. Chinacho anati si nyama, chimatanthauza pakati.

"Ndiye Tanaka ndi pakati pa munda," anatero. "Makolo a banjalo ayenera kuti ankakhala pakati pa minda."

Analembanso pambali: 田仲. Apa chilembo chachiwiri chinali ndi timizere tiwiri kumanzere kwake.

"Uyunso ndi Tanaka. M'khutu ndi chimodzimodzi, koma timizere tiwiriti ndi munthu waima pambali, ndiye tanthauzo limapita ku ubale, kugwirizana kwa anthu. Kwathu munthu akakuuza dzina, umamufunsanso kuti amalilemba bwanji. Ukalakwitsa, sakwiya. Amangokumbukira."

"Koma munda ulipo ponseponse?" anafunsa bambo Kalipinde.

"Pa awiriwa, inde."

Bambo Kalipinde anathokoza mwaulemu, anamaliza shelefu imene anayamba, n'kuyenda wapansi kupita kunyumba. Anapeza mayi Melina atakhala pakhonde akusadzula rape. Anakhala pampando, anavula nsapato, ndipo anafotokoza zonse kuyambira pa chipewa mpaka pa fumbi.

Chimene chinkawawawa chinali ichi. Chaka chimene Tanaka anabadwa, kapitawo anaona kuti Hector amalemba bwino, n'kumuchotsa kumunda kuti azidinda manambala pa mabelo a fodya m'shedi. Bambo ake anafera m'mizere ya fodya, agogo ake anachoka ku Dedza wapansi kudzalima fodya yemweyo, ndipo iye ndiye anali woyamba kugwira ntchito pamthunzi. N'chifukwa chake mwanayo anamutcha Tanaka, kunena kuti tsopano takhala bwino, kumunda tachokako.

"Ndiye lero ndikumva kuti ndinamubwezera komweko," anatero. "Pakati penipeni."

Mayi Melina anapitiriza kusadzula.

"Sananame amayiwo."

"Sindikunena kuti anama. Ndikunena kuti dziko lina lonse likuitana mwana wanga molakwika."

"Ndikuti sananame. Anabadwiradi pakati pa munda."

Bambo Kalipinde anavula magalasi.

"Anabadwira m'ngolo ya thirakitala, panjira yopita kukiliniki."

"M'ngolomo tinalowa atabadwa kale. Tinali kumunda wa kumunsi kwa damu, tikuzula mitengo ya fodya. Inu munali mutapita ndi mabelo kumsika wa fodya ku Willowvale, kuno ku Harare. Anandithandiza ndi a Tionenji, akazi a woyendetsa thirakitala uja. Mchombo anadula ndi mpeni wawo wosendera nzimbe."

"Ine ndinanena kuti musapitenso kumunda mwezi umenewo."

"Munanenadi."

"Ndiye zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, osandiuza?"

"Munafika ndi dzina kale, mukusangalala. Ndipo simunafunse."

Kumsewu kondakitala ankaitanira anthu a ku Machipisa. Bambo Kalipinde anafuna kukwiya, koma sanapeze pogwira. A Tionenji anamwalira kalekale, woyendetsa thirakitala anabwerera ku Ntcheu, ndipo mwana wobadwira m'fumbiyo anali ndi shopu yakeyake. Chimene anaona m'maganizo mwawo chinali akazi awo ali ndi zaka makumi awiri, atagona pa chitenje pakati pa ziputu, dzuwa lili paliwombo, iwo ali pamthunzi ku Harare akudya banzi.

"Kunkatentha?" anafunsa.

"Unali Meyi. Kunali kamphepo."

"Munalira?"

"Ndinatukwana."

"Munatukwana ndani?"

"Tengani mbale iyo muike mkati."

Anatenga mbale n'kuika mkati.

M'mawa mwake anatsitsa chikwangwani. Anamufotokozera Tanaka nkhani yonse ali chiimire, mwachidule, ngati akumuuza kuti mvula igwa. Tanaka anaseka mpaka kukhala pa tayala, kenaka anasiya kuseka n'kuimbira foni amayi ake. Analankhula nawo m'Chishona nthawi yaitali, atatembenukira kukhoma. Atamaliza anapukuta m'maso n'kunena kuti fumbi la ku Gazaland lamuonjeza.

"Ndiye ndilembe liti?" anafunsa bambo ake. "La pakati pa munda, kapena la munthu woima pambali?"

"Inu mukuona bwanji?"

"Lachiwirili likuoneka laulemu."

"Mhamha akuti loyambalo. Akuti a Tionenji sanaime, anagwada."

Analemba loyambalo. Mzere wapakati anauimitsa pomwe uyenera kuima, ngakhale zilembozo zinasiyana msinkhu ndipo diso lawo silinakondwe.

Penti isanaume, Custodio anabwera akupukuta manja ndi kansanza.

"Mwakonza, madala? Chabwino. Koma ndikuuzeni. Chiyambire, anthu akumafika kwa ine n'kumafunsa ngati shopu iyi ndi ya Matchaina. Akuti zitsulo zake zingathyoke pa raundabauti ya Mbudzi pomwepa."

"Ndipo iwe umawayankha chiyani?" anafunsa Tanaka.

"Ndimati sindidziwa kuwerenga."

Bambo Kalipinde anaviikanso burashi. Pansi pa munda ndi pakati analemba zilembo zazikulu zimene aliyense wa ku Highfield amatha kuwerenga ali m'kombi yothamanga: TANAKA. ZVEKUJAPAN, kunena kuti za ku Japan m'Chishona.

Mayi Sugiura anadutsanso patatha mwezi, galimoto ya koleji itayambanso kutsokomola. Anawerenga chikwangwanicho mokweza, anawerama pang'ono, n'kunena kuti dzanja la bambo Kalipinde ndi lowongoka kuposa lawo. Ananena zimenezi madalaivala a makombi akumva, ndipo sabata lomwelo atatu anafika kunyumba, aliyense ndi foni yake, kufuna dzina lake m'Chijapani pagalasi lakumbuyo. Woyamba anali Kuda, mnyamata wamtali woyenda msewu wa Waterfalls. Anaonetsa zilembo ziwiri zimene anapeza.

Bambo Kalipinde anavala magalasi. Chilembo chomaliza anachizindikira: unali munda uja.

"Amayi ako alipo?"

"Aripo, ku Glen Norah."

"Pita ukacheze nawo kaye. Ukabwere Lachinayi."