Voti Yotsiriza pa Mtsinje Woundana

Ndinalota ndili pa yunivesite ya boma ku Poland, kumene ndimaphunzitsa za nthaka. Linali tsiku losankha mkulu wa sukuluyo. Holo yathu inalibe khoma limodzi. Mbali imeneyo kunali mtsinje woundana ndi kuzizira, ndipo aphunzitsi, ophunzira ndi amayi osesa anali atayala mipando pamwamba pake.

Oyendetsa chisankho anali a Pulofesa Wrona, aphunzitsi anga amene tinawaika m'manda chaka chatha.

"Mayi Nyirongo, mwachedwa," anatero. "Khalani."

Ndinakhala. Sindinadabwe, ngakhale kuzizira sindinakumve.

Opikisana anali awiri. Woyamba anali Jadwiga, mnzanga wa ofesi imodzi. Wachiwiri inali kalata yochokera ku unduna wa zamaphunziro, ataikhazika pampando. Kalatayo inadzitsegula yokha n'kulankhula mwaulemu. Inati ikapambana sitidzavutikanso ndi misonkhano, aliyense azidzangouzidwa zochita, ndipo dipatimenti yathu idzatsekedwa mwakachetechete.

Anthu anakweza manja. A Pulofesa anawerenga kawiri, mavoti anafanana.

"Mwatsala inu," anandiuza.

Ndinapeza kuti mkono wanga wamanja walowa m'madzi oundanawo mpaka m'chigongono. Pansipo ndinaona ophunzira anga ali m'kalasi, makope ali chitsegulire, akundidikira.

"Kodi mlendo amavota?" ndinafunsa.

"Malamulo a pano tinalemba tokha," anayankha a Pulofesa. "Dzina lanu lilimo."

Kalata ija inatembenukira kwa ine. "Pepani mayi, ndingokukumbutsani. Chilolezo chanu chokhalira m'dziko muno chikutha mwezi wamawa."

Jadwiga sanandiyang'ane. Anangoti, "Tamara, sindikukakamiza."

Ndinakoka mkono. Unathyoka ngati nzimbe, osapweteka, osatuluka magazi. Ndinauzula ndi dzanja lamanzere n'kuukweza m'mwamba.

"Dzanja taliona," anatero a Pulofesa. "Ndi la ndani?"

"La Jadwiga," ndinatero.

Analemba m'buku. Palibe amene anaomba m'manja. Kalatayo inadzipinda bwinobwino n'kunena kuti dzina langa yalisunga. Anthu ananyamula mipando yawo n'kumapita, ena akukambirana za mayeso. Jadwiga anadutsa pafupi nane atavala kale mkanjo wofiira wa mkulu wa sukulu, akuukhwekhwereza pansi.

Ndinatsala ndi a Pulofesa, mkono uli m'manja. Unayamba kulemera. Ndinawafunsa kuti ndikausiye kuti.

"Nkhani imeneyo siili pa ndondomeko ya lero," anatero, akutseka buku lawo. "Tikambirana Lachinayi. Mubwere nawo."