Majekete a mu Juni

"Alamu, ingosainani basi. Munthuyu wasiya ntchito yake kumsika," anatero a Silvester, akukankhira pepala patsogolo.

A Maynard anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya malaya, ngakhale anali atawapukuta kale kawiri. Panali patapita masiku anayi chiikireni mkazi wawo Lufina m'manda, ndipo aka kanali kachitatu kuti a Silvester, mlongo wake wa malemuyo, awayalire pepala lomweli. Pepalalo linkati a Maynard akugulitsa gawo la Lufina m'sitolo ya zovala ya pa Lizulu, imene anatsegula ndi amayi anzake awiri zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Wogulayo, a Cosmas, wamalonda a kachewere, anali pampando wapakona, akuseweretsa makiyi a lole.

"Ine sindikukakamiza, aphunzitsi," anatero a Cosmas. "Koma sitoloyo mwaiona nokha dzulo. Mashelefu ali pululu. Madiresi asanu ndi ntchentche. Ine ndikungofuna kuthandiza banja."

"Mwamva?" anatero a Silvester. "Pakufunika chiliza, ndipo simenti simera m'munda. Nanga inuyo mungakakhale m'sitolo, n'kumayeza azimayi m'chiuno?"

"Ndamva, alamu."

"Ababa, amayi sanagulitsepo kanthu mwezi ngati uno wa Febuluwale," anatero Thokozile, mwana wawo yekhayo, ataima pakhomo. "Ngakhale nkhuku."

"Iwe Thoko, izi n'za akuluakulu."

"Ndili ndi ana awiri, amalume."

A Maynard anausa moyo. Anaphunzitsa masamu zaka makumi atatu, koma za sitoloyo ankadziwa chinthu chimodzi chokha: masingano. Lufina sankakhulupirira ulusi wa kufakitale. Chovala chilichonse chisanapachikidwe m'sitolo, ankachotsa mabatani onse n'kuwasokanso yekha ndi ulusi wopinda pawiri. Masingano ankapezeka pasofa, pakatani, ngakhale m'buku la nyimbo. A Maynard anakhalirapo singano kawiri, ndipo kawiri konseko Lufina anayamba wafunsa ngati singanoyo sinathyoke.

Panja panabuka chiseko. A Maynard anapezerapo mpata wothawa pepalalo.

Pansi pa mtengo wa mapichesi, abale a Lufina ochokera ku Bwanje ankagawana zovala za malemu monga mwa mwambo. Za m'sutikesi zinatha msanga: zitenje zingapo, madiresi atatu, nsapato ziwiri. Atazimaliza anabwereranso kuchipinda n'kukokako matumba atatu aakulu amene ankakhala kuseri kwa chitseko. Tsopano pamphasa panali amayi achikulire asanu ndi awiri, anthu a kuchigwa kumene amagona panja chifukwa cha kutentha, aliyense atavala jekete lokhuthala la ubweya m'khosi, thukuta lili kamukamu.

"Koma mwana wathuyu anali ndi zovala!" anatero azakhali ake a Lufina, akupapasa mkono wa jekete lofiira. "N'kumatibisira ife!"

A Maynard anayang'ana, osamvetsa. Lufina anali ndi juzi imodzi yokha, yotuwa, yobowoka pachigongono.

Nthawi yomweyo analowa pabwalo mayi Selestina, mnzake wa Lufina wa m'sitolo muja, atasenza dengu la kabichi la anamfedwa. Dengulo linagwa.

"Mayo ine! Katundu wa sitolo!"

Onse anatembenuka. A Silvester ndi a Cosmas anatulukira pakhonde.

"Aphunzitsi, mwakhala mukungoonerera?" anafuula mayi Selestina. "Amenewa si a Lufina, ndi athu tonse atatu! Novembala aliyense, dzuwa likamaotcha, Lufina amapita ku Limbe kukagula majekete, nthawi imene palibe wowafuna, amwenye akungowataya. Ndalama zonse za sitolo timazithira mmenemo. Amawasunga kuno kuti azisoka mabatani. Ikafika Juni, chisanu chikatsika, alimi a kachewere ndalama zili m'thumba, anthu amachita kulimbirana, mpaka ochokera kutsidya ku Mozambiki. Sitolo yathu mwezi uno sikhala pa Lizulu ayi. Imakhala m'matumba umu!"

A Maynard anayang'ana matumba aja. Zaka khumi ndi ziwiri akupunthwa pamatumba amenewo, akudandaula kuti chipinda chasanduka nkhokwe, ndipo sanafunsepo tsiku ndi limodzi lomwe kuti muli chiyani. Lufina ankangoti, "Musakhudze," iwo n'kumvera.

Anatembenukira kukhonde kumene kunali a Cosmas, n'kufunsa mayi Selestina.

"Amayi, matumbawa amachoka bwanji ku Limbe?"

"Pa lole ya a Cosmas omwewo, ikamabwerera yopanda kanthu."

A Cosmas anayang'ana makiyi awo ngati akuwaona koyamba.

"Zangochitika, tingatani," anatero a Silvester motsitsa mawu, atayandikira. "Zovala za malemu zikagawidwa sitilandanso, alamu, mukudziwa. Mutichititsa manyazi. Mukufuna azakhali avule pamaso pa anthu?"

"Avule."

"Mwati bwanji?"

"Avule, alamu. Za Lufina atenge zonse, ndi sutikesi yomwe. Izi si zake yekha."

A Maynard sanakweze mawu. Anakaima pamutu pa mphasa atatambasula dzanja, monga ankaimira pakhomo la kalasi potolera mapepala a mayeso. Kenaka mmodzi mwa amayi aja anamasula zipi, akung'ung'udza kuti anthu a kumapiri ndi ouma manja. Wina anatsatira. Thokozile ankalandira n'kumapinda, akuluma mlomo kuti asaseke.

Azakhali anavula pomalizira, pang'onopang'ono, n'kuponya jekete lofiira pansi.

"Zikomo, azakhali," anatero a Maynard. "Ndi lam'katilo."

"Liti?"

"Lobiriwiralo. Kolala ikuoneka."

"Ha! Mkamwini wotani ameneyu! Lufina akanakhalapo..."

"Akanakuvulani yekha, azakhali," anatero mayi Selestina.

Jekete lina linapezeka m'chikwama cha a Silvester. Iwo anati anangolisungira kuti lisade.

A Maynard analowa m'nyumba, n'kutenga pepala lija, kulipinda bwinobwino panayi, n'kulipereka kwa a Cosmas ndi manja awiri.

"Pepani, takuchedwetsani kumsika. Gawoli sitikugulitsa."

"Aphunzitsi, mtengo tikhoza kukambirananso."

"Mudzabwere mu Ogasiti, chisanu chitatha. Mudzakambe ndi amayi awa ndi Thokozile. Ine ndidzangosaina zimene iwo adzanene."

"Nanga chiliza?" anafunsa a Silvester.

"Chidikira Juni. Mwini wake sankapupuluma."

Lole italira n'kuchoka, abale a ku Bwanje anasamukira kuseri kwa nyumba kukapitiriza kudandaula. A Maynard anathandiza Thokozile kubwezera majekete m'matumba. Thumba lachitatu linali lisanakhuthulidwe lonse. Atapisamo dzanja kuti asalaze zapansi, a Maynard analitulutsa msangamsanga.

"Aaa! Mayi ameneyu!"

Pachala panatuluka kadontho ka magazi. Anakayamwa, n'kusolola jekete lakuda la mwana wasukulu. Mabatani atatu anali atasokedwa kale, olimba gwa, ndi ulusi wopinda pawiri. Pamalo pa lachinayi panali singano yobayidwa m'nsalu, ulusi wautali ukulendewera. Mabatani awiri otsalawo anawapeza m'kathumba ka jeketelo, atakulungidwa m'kapepala kuti asasowe.

Analitembenuza m'manja.

"Bweretsani, ababa, ndimalize," anatero Thokozile.

"Ayi."

"Simunasokepo batani chibadwire."

"Ndaonerera zaka khumi ndi ziwiri."

Anakakhala pakhonde, pamene Lufina ankakhala masana chifukwa cha kuwala. Anavala magalasi, n'kuika batani pamalo pake. Singano inatulukira pambali. Anaibweza, n'kuyesanso. Kachitatu inalowa pabowo. Anakoka ulusiwo mpaka kumapeto, kenaka analigwedeza batanilo ndi chala chachikulu kuti aone ngati lagwira.