Pensulo Inali M'thumba

Chaka changa choyamba m'dziko la eni ndinachithera m'nyumba ya magalasi ya pasukulu, momwe ophunzira za ulimi timadzalamo mbewu zoyeserera. Kunja kunkazizira mpaka makutu kuwawa, koma m'menemo munkanunkhira dothi lonyowa, ndipo ndikalowa mtima unkakhala pansi. Oyang'anira nyumbayo anali mayi achikulire amene tonse tinkawatcha Mayi a Makiyi, chifukwa makiyi a m'chiuno mwawo ankamveka iwo asanatulukire. Sankayankhulayankhula. Sabata yanga yoyamba anandipeza ndikulemba maina a mbewu ndi bolopeni pa tizikwangwani ta pulasitiki tozika m'miphika. Anangondilanda bolopeniyo, n'kundipatsa pensulo, n'kuloza kudenga. Kudengako kuli mipope yomwe imawaza madzi ngati nkhungu m'mawa ndi masana. Inki imasungunuka, pensulo siichoka.

Kuyambira pamenepo ndinkapeza tinthu pa benchi langa: tsiku lina magolovesi aubweya, masiku ambiri kapu ya tiyi yovundikira ndi sosala. Popemphera ndinkawatchula pambuyo pa amayi anga.

Chaka chachiwiri kunabwera mng'ono wanga, mwana wa amayi aang'ono, amene kwathu timamutcha Wailesi chifukwa satseka pakamwa. Amayi anandiimbira foni. "Mwanayo tam'pereka m'manja mwako. Uzimulozera poponda." Ndinavomera. Ndinakamuchingamira ku bwalo la ndege, ndinam'patsa jekete langa lachiwiri ndi theka la kabati.

Mwezi usanathe, chilankhulo cha kumeneko, chomwe ine chinkandilemera pa lilime, iye ankachiyankhula mothyokathyoka koma mosaopa, anthu n'kumamuzungulira. Tsiku lina ndikulowa ndinamva Mayi a Makiyi akuseka mpaka kugwira pamimba. Chaka chathunthu ndinali ndisanaonepo mano awo am'kati. Pa benchi la Wailesi panali kapu yovundikira ndi sosala. Pa langanso inalipo, ndisaname. Koma pa sosala yake panali bisiketi.

Ndinamwa tiyi wanga ndikuyang'ana bisiketiyo.

Ophunzira atsopano onse amapatsidwa ntchito imodzi yaikulu, ndipo wolephera ntchitoyo sapitiriza, amabwezedwa kwawo. Ya Wailesi inali nyemba: mitundu isanu ndi umodzi, miphika makumi anayi ndi isanu ndi itatu, yosakanizidwa dala pa benchi monga amafunira aphunzitsi. Nyemba za mitunduyi zikamera zimafanana ngati mapasa. Chosiyanitsa ndi kachikwangwani basi.

Tsiku lodzala ndinam'peza atakhala pa ndowa yozondotsa, akulemba ndi bolopeni yabuluu, lilime lili panja.

"Asisi, taonani dzanja ili," anatero. "Kapena ndisiye za ulimizi ndizikalemba zikwangwani za magolosale?"

Pensulo inali m'thumba la epuloni yanga. Ndinaikhudza ndi chala. Pomwepo Mayi a Makiyi anadutsa atanyamula payipi, n'kumusisita Wailesi pamutu osaima.

"Zakongola," ndinatero, n'kupita ku benchi langa.

Lolemba lake kalasi yawo inapita kukaona minda kutali kwa masiku asanu. Pochoka anandikumbatira pakhomo. "Muzindionerako ana anga. Akalira muwaimbire, koma chonde osati ndi mawu anu aja a kwaya."

Lolemba masana zilembo zinali zitayamba kuyenderera. Lachiwiri kachikwangwani kalikonse kanali ndi mzere wabuluu wotsikira m'dothi. Ndinkadutsa pa benchilo maso ali kwina, koma ndinkaona. Ndinkadziuza kuti palibe chomwe ndachita, kuti madzi sindine ndikuwaza, kuti munthu wodziwa kuseketsa aliyense akanafunsa. Ndikagwada kuti ndipemphere, ndinkatchula amayi, ndinkatchula Mayi a Makiyi, koma dzina la mwanayo silinkatuluka. Ndinkangoti ameni n'kudzuka.

Lachitatu m'mawa Mayi a Makiyi anabwera okha ndi tiyi, n'kukhala pang'ono pambali panga akusisita bondo. Maso awo anali atafooka, ndipo mabenchi a ophunzira sankawagwira.

"Chaka chino ndikupuma pantchito," anatero. "Mng'ono wako sindinam'phunzitse kanthu. Ndinangomuuza kuti nyumba ino mkulu wake amaidziwa kuposa ine."

Anandigwira paphewa, makiyi n'kumka nalira kukhomo.

Tiyi uja anazizira ndisanam'khudze. Ndinapita pa benchi la Wailesi n'kuzula kachikwangwani kamodzi. Kanali koyera. Nditakapendeketsa cha ku dzuwa ndinaona timizere tosaoneka bwino pomwe bolopeni inakanda pulasitiki, chifukwa mwana uja amalemba mokanikiza ngati akulima. Ndinagoneka nsonga ya pensulo n'kupaka pang'onopang'ono, chilembo n'kutuluka. Ndinatero kamodzikamodzi, kuzula, kupaka, kulemba, kubwezera mu mphika wake ndisanagwire kena. Mipope itayamba kuwaza masana sindinachoke. Ndinanyowa msana wonse.

Ndinapulumutsa miphika makumi atatu ndi isanu ndi umodzi. Khumi ndi iwiri, yomwe anailemba kumapeto dzanja litatopa, inalibe ngakhale kamzere. Ndikanabwera Lolemba ndikanangowerenga.

Lachisanu Wailesi anafikira ku nyumba ya magalasi chikwama chili kumsana. Ndinamuonetsa zonse. Anawerenga miphika yopanda dzina, kenako anandigwira manja onse awiri.

"Asisi, mukanapanda inu bwenzi ndikulongedza katundu. Ndiimbira amayi aakulu lero lomwe, ndiwauze kuti anabereka mngelo."

"Usawaimbire."

"Iii, ndiye manyazi a chiyani?"

"Ndinakuona tsiku lomwe unkalemba. Ndinkadziwa kuti inki ichoka. Pensulo inali m'thumba."

Anandisiya manja.

"Ndinakulakwirani chiyani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Palibe." Ndinayang'ana pansi. Kenako ndinanena chomwe chinalipo. "Amaseka nawe. Amakupatsa bisiketi."

"Bisiketi?" "Asisi, bisiketi ndimagula ndekha pa shopu ya pakona."

Ananyamula chikwama n'kutuluka.

Lolemba ndinapita naye kwa aphunzitsi ake, ngakhale sanandipemphe, ndipo ndinafotokoza mbali yanga osabisa. Aphunzitsiwo anawerengera miphika yotsala mtundu ndi mtundu, akugogoda tebulo ndi chala. Anati mitundu isanu ili ndi miphika yokwanira, wachisanu ndi chimodzi wachepa kwambiri, auchotse. Ntchito ipitirire, koma malikisi apamwamba aiwale. Wailesi, amene kwathu sanatsikepo pa nambala wani m'kalasi, anangoti zikomo.

Sabata ziwiri tinkagona chipinda chimodzi tikuyankhulana za makiyi a chipinda ndi zinyalala zokha. Wailesi sanaimbire kwathu za nkhaniyi. Ndinkadikira foni ya amayi, koma itabwera anangofunsa ngati mwanayo akuvala zofunda.

Miphika khumi ndi iwiri ija Mayi a Makiyi anati itayidwe. Ndinapempha kuti ndiisunge kumapeto kwa benchi langa, ndipo sanafunse chifukwa. Ndinkaithirira, ndipo popemphera dzina lija linayamba kutuluka, ngakhale movutikira.

M'mawa wina ndikumangirira nyembazo ku timitengo, Wailesi anabwera n'kuima pambali panga, manja ali m'thumba la jekete langa lija.

"Ana amasiyewa akukula kuposa anga," anatero.

"Akukula."

"Mawa ndikudzala chimanga. Ndibwerekeni pensulo."

Ndinaitulutsa. Anaitembenuza, n'kuona mano anga kumapeto kwake.

"Mumatafunanso mapensulo? Ndiye njala ya bisiketi inalidi yaikulu."

Sanaseke, inenso sindinaseke. Anaika pensulo kukhutu n'kupita ku benchi lake.